Banja la Parley Pratt ndi Kukula kwa Mpingo wa Amormon

Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amangouti wa Amormon, unakhazikitsidwa pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York ku America. Tsiku limenelo anthu ake onse anakwana m'nyumba imodzi ya mlimi. Unalibe kachisi, unalibe sukulu yosulira abusa, ndipo unalibe ndalama zolipira mlaliki ngakhale mmodzi. Koma pomatha zaka 20 unali utazika mizu ku Canada, ku Britain ndi ku zilumba za m'nyanja ya Pacific, utamanganso mzinda wakewake pakati pa mapiri a kumadzulo kwa America. Lero uli ndi anthu oposa 17 miliyoni, ndipo anyamata ake ovala malaya oyera ndi mataye amaoneka ngakhale m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka.

Kakulidwe ka mpingowu kamamveka bwino munthu akayang'ana mabanja ake oyambirira. Uthenga unkayenda m'njira za chibale, kuchoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono, kwa mlongo, kwa mlamu. Ndipo mwamuna akanyamuka ulendo wokalalika, zowawa zake zinkatsalira mkazi ndi ana pakhomo. Banja limene likuonetsa zimenezi poyera ndi la Parley P. Pratt, mmodzi mwa atumwi 12 oyamba a mpingowu.

Buku lobwereka

Parley anabadwa pa 12 Epulo 1807 ku Burlington, New York. Anali wachitatu mwa ana aamuna asanu a Jared Pratt ndi Charity Dickinson, banja losauka lomwe linkasamukasamuka kufunafuna malo olima ndi maganyu. Sukulu sanapite nayo patali, koma Baibulo ankaliwerenga kuyambira ali mwana. Atakula anapita ku Ohio, n'kuswa mphanje m'nkhalango kumadzulo kwa Cleveland, ndipo mu 1827 anakwatira Thankful Halsey, mayi wamasiye amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 10. Kumeneko anakopeka ndi ulaliki wa Sidney Rigdon, mbusa amene ankaphunzitsa kuti Akhristu abwerere ku mpingo wa m'nthawi ya atumwi.

Mu Ogasiti 1830 Parley anagulitsa munda wake kuti azilalika. Akuyenda pa boti mu ngalande ya Erie, anatsika panjira n'kusiya mkazi wake apitirire yekha kwa achibale. M'mudzi wina pafupi ndi Newark, dikoni wa mpingo wa Baptist dzina lake Hamlin anamubwereka Buku la Mormon, lomwe linali litangosindikizidwa miyezi isanu yapitayo. Malinga ndi mbiri imene iye analemba yekha, anawerenga tsiku lonse, chakudya osachifuna, usiku tulo osabwera. Atatseka bukulo anapita wapansi kukafuna Joseph Smith, woyambitsa mpingowu, amene ankati analimasulira kuchokera pa mbale zagolide. Sanamupeze, koma anapeza mkulu wake Hyrum, ndipo anachezera usiku wonse akukambirana. Kumayambiriro kwa Seputembala, Oliver Cowdery anamubatiza m'nyanja ya Seneca.

Mmodzi mwa anthu oyamba amene Parley anawathamangira anali mng'ono wake Orson. Anamubatiza pa 19 Seputembala 1830, tsiku limene mnyamatayo ankakwanitsa zaka 19. Orson Pratt anadzakhala katswiri wa masamu ndi nyenyezi mu mpingowu, mlaliki amene anawoloka nyanja ya Atlantic kambirimbiri, komanso amene anagawa Buku la Mormon m'mitu ndi mavesi amene akugwiritsidwa ntchito mpaka pano.

Mwezi wotsatira mpingo unatuma anthu anayi, Cowdery, Parley, Peter Whitmer Jr. ndi Ziba Peterson, kuti akalalikire eni nthaka a ku America amene boma linawakankhira kumadzulo kwa Missouri. Anayenda mtunda wa makilomita oposa 2,000, gawo lalikulu wapansi, nyengo yachisanu. Atafika kwa anthu a mtundu wa Delaware, woimira boma anawathamangitsa chifukwa analibe chilolezo. Cholinga cha ulendowo chinalephereka. Koma panjira Parley anali ataumiriza anzake kuti apatukire kwa mbusa wake wakale uja. Rigdon anawerenga bukulo n'kubatizidwa, ndipo m'milungu yochepa anthu oposa 100 a m'dera la Kirtland anamutsatira. Mpingo unakula kuposa kawiri, ndipo kumayambiriro kwa 1831 Joseph Smith anasamutsira likulu ku Kirtland.

Bungwe la Atumwi

Pa 14 Febuluwale 1835, ku Kirtland komweko, kunakhazikitsidwa Bungwe la Atumwi Khumi ndi Awiri. Parley, wa zaka 27, ndi Orson, wa zaka 23, onse anasankhidwa, pamodzi ndi Brigham Young, Heber C. Kimball, Orson Hyde ndi ena. Poyamba bungweli linalibe mphamvu pa likulu. Ntchito yake inali ya m'maulendo: kutsegula madera atsopano, kubatiza, ndi kuyang'anira timipingo ta kutali. Malipiro kunalibe. Mtumwi ankadya zimene wapatsidwa, kugona pamene walandiridwa, uku banja lake likudzionera lokha.

Mu Epulo 1836 Parley anali m'ngongole zothina, ndipo Thankful ankadwala chifuwa chachikulu. Anali atakhala m'banja zaka pafupifupi 9 opanda mwana. Usiku wina Kimball anafika pakhomo pawo, n'kumusanjika manja, n'kumuuza kuti apite ku Toronto, kuti mkazi wake adzabereka mwana wamwamuna, ndiponso kuti ntchito ya ku Canada idzatsegula khomo la ku England. Parley ananyamuka.

Ku Toronto anakumana ndi kagulu ka anthu ochokera ku England amene ankasonkhana kuwerenga Baibulo. Pakati pawo panali John Taylor ndi mkazi wake Leonora, komanso Joseph Fielding ndi alongo ake Mary ndi Mercy. Onsewa anabatizidwa. Zotsatira zake n'zovuta kuzifotokoza mwachidule. Taylor anadzakhala mtsogoleri wachitatu wa mpingo wonse. Mary Fielding anakwatiwa ndi Hyrum Smith n'kubereka Joseph F. Smith, mtsogoleri wachisanu ndi chimodzi. Joseph Fielding ankalembera makalata mbale wake James, amene anali mbusa ku Preston ku England, ndipo pamene Kimball, Hyde, Willard Richards ndi Fielding anafika kumeneko mu Julayi 1837, guwa loyamba limene anaimapo linali la James yemweyo. Pa 30 Julayi anabatiza anthu oyamba mu mtsinje wa Ribble. James anataya nkhosa zake zambiri ndipo anawatsekera tchalitchi, koma khomo linali litatseguka kale.

Kunyumba kwa Parley, mwana wolonjezedwayo anabadwa pa 25 Malichi 1837. Thankful anamwalira patangopita maola ochepa. Khandalo analipereka kwa mayi wina kuti aliyamwitse, ndipo pasanathe miyezi iwiri Parley anakwatira Mary Ann Frost, mayi wamasiye wa mwana mmodzi. Chaka chomwecho banki imene atsogoleri a mpingo anatsegula ku Kirtland inagwa, anthu ambiri n'kutaya chuma. Parley, amene ngongole za malo zinamupanikiza, analembera Joseph Smith kalata yaukali. Amene anamubweza anali John Taylor, munthu amene iye anamubatiza chaka chapitacho. Parley anapita kukapepesa, kenako ananyamuka kupita mumzinda wa New York kumene analemba A Voice of Warning, buku limene alaliki a mpingowu anayenda nalo kwa zaka zoposa 100.

Ndende ya ku Missouri

Ku Missouri Amormon sanakhalitse pamtendere. Anansi awo ankawaopa chifukwa ankagula malo ambiri, ankavota mogwirizana, ndipo ambiri anali ochokera ku zigawo za kumpoto kumene kunalibe ukapolo. Mu 1833 anawathamangitsa m'boma la Jackson, Parley ali m'gulu la othawawo. Mu 1838 nkhondo inabuka poyera. Pa 25 Okutobala Parley anamenya nawo nkhondo ya pa mtsinje wa Crooked, pamene anthu a mbali zonse ziwiri anafa. Patapita masiku awiri bwanamkubwa Lilburn Boggs analamula kuti Amormon achotsedwe m'chigawomo kapena aphedwe. Parley anamangidwa pamodzi ndi Joseph Smith ndipo anakhala m'ndende miyezi isanu ndi itatu, koyamba ku Richmond kenako ku Columbia. Kwa kanthawi Mary Ann ndi ana anakakhala naye m'chitokosi momwemo, popeza kunja kunalibe kolowera.

Anatuluka pa 4 Julayi 1839, tsiku limene America imakumbukira ufulu wake. Tauni yonse inali pachisangalalo. Orson anali atabisa akavalo m'tchire chapafupi. Madzulo woyang'anira ndende anabweretsa chakudya, ndipo poti mphika wa khofi sukanalowa pa kazenera, anatsegula chitseko. Parley ndi akaidi anzake awiri anachikoka mwamphamvu, n'kumudutsa pamasitepe, n'kuthamangira kutchire kuja. Mmodzi, King Follett, anagwidwanso. Parley anagwa pa kavalo mumdima, ndipo anayenda masiku angapo akubisala mpaka anawoloka mtsinje wa Mississippi kulowa ku Illinois, kumene anzake ankamanga mzinda wa Nauvoo.

Britain ndi mphamvu za atumwi

Asanapume n'komwe anatumidwanso. Pa 6 Epulo 1840 anafika ku Liverpool pamodzi ndi Brigham Young ndi atumwi ena. Mwezi wotsatira anayambitsa magazini ya Millennial Star ku Manchester, yomwe inatuluka mosalekeza mpaka 1970. Iye, Young ndi Taylor anasonkhanitsa buku la nyimbo, ndipo nyimbo zambiri m'menemo anazipeka ndi Parley, zina zikuimbidwabe. Amene ankabatizidwa anali anthu wamba, ogwira ntchito m'mafakitale a thonje, m'migodi ndi m'minda ya eni chuma. Atumwi anakonza dongosolo lowatumiza ku America pa zombo zobwereka, ndipo anzake atabwerera mu 1841 Parley anatsala akuyang'anira ntchito yonseyo. Pofika 1850 Amormon a ku Britain anali oposa 30,000, kuchuluka kuposa a ku Utah, kumene likulu la mpingo linali litasamukira.

Ulendo umenewu ndi umene unasintha Bungwe la Atumwi. Amuna amene anali alaliki chabe anaphunzira kusindikiza mabuku, kusunga ndalama za anthu, kupangana mitengo ndi eni zombo ndi kusamutsa mabanja mazanamazana. Mu 1841 Joseph Smith anawapatsa udindo pa likulu penipeni. Choncho pamene iye ndi Hyrum anaphedwa m'ndende ya Carthage pa 27 Juni 1844, panali gulu limene anthu ankalidziwa ndi kulikhulupirira. Rigdon anafuna utsogoleri, koma pamsonkhano wa pa 8 Ogasiti khamu linasankha atumwi motsogozedwa ndi Brigham Young. Kuyambira pamenepo mtsogoleri wa mpingo akamwalira, amalowa m'malo ndi mtumwi amene wakhalitsa m'bungwemo kuposa onse.

Mitala

Ku Nauvoo, Joseph Smith anali atayamba kuphunzitsa mitala mwachinsinsi. Chiphunzitsochi chinagwedeza banja la Pratt kuposa ndende ndi umphawi. Mu 1842 Orson anasemphana ndi Smith pa nkhani yokhudza mkazi wake Sarah, anachotsedwa mu mpingo, n'kubwezeretsedwa mu Januwale 1843. Miyezi yochepa imeneyo inadzamudula pambuyo pake: mu 1875 Brigham Young anasanjanso atumwi potengera nthawi imene aliyense watumikira mosadukiza, Orson anatsika, ndipo Young atamwalira mpando wa utsogoleri unapita kwa John Taylor.

Parley anatenga mkazi wachiwiri wapamitala, Elizabeth Brotherton wa ku Manchester, mu 1843. Pa moyo wake wonse anakwatira akazi 12 ndipo anabereka ana 30. Mary Ann, amene anakhala naye m'ndende, anavomera poyamba, koma atazindikira kuti maukwati ena achitika iye osauzidwa, mtima wake unachoka, ndipo banja linatha mu 1853. Parley ndi Orson nawonso anakangana poyera m'kachisi wa ku Nauvoo mu 1846 n'kukhala zaka osamvana. Chimene chinawayanjanitsa chinali kafukufuku wa makolo. Mu 1853 Orson anapeza mzere wowalumikiza kwa William Pratt, mmodzi mwa Angerezi oyamba kukhala ku Connecticut m'zaka za m'ma 1630, ndipo analembera mkulu wake. Makalata anayambiranso kuyenda. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola.

Pali chinanso chimene wowerenga wa ku Africa ayenera kudziwa. M'masiku a Joseph Smith anthu akuda angapo, monga Elijah Abel, anadzozedwa unsembe. Koma mu 1847, ku Winter Quarters, msasa wa Amormon paulendo wawo wopita kumadzulo, Parley analankhula mawu amene olemba mbiri amawawerengera pakati pa oyamba kunena kuti munthu wakuda sayenera unsembe chifukwa cha mtundu wake. Brigham Young analengeza lamulolo poyera mu 1852, ndipo linakhalapo mpaka Juni 1978. Linapweteka anthu ambiri, ndipo n'chifukwa chachikulu chimene mpingo umene unafika ku Cape Town mu 1853 unachedwera zaka zoposa 100 kufika kwa anthu akuda a mu Africa.

Utah ndi Chile

Amormon anayamba kuchoka ku Nauvoo mu Febuluwale 1846. Orson Pratt ndi Erastus Snow ndi amene anayamba kulowa m'chigwa cha Salt Lake pa 21 Julayi 1847, masiku atatu Brigham Young asanafike. Parley ndi Taylor anatsogolera chigulu chachikulu cha ngolo chimene chinafika chakumapeto kwa Seputembala. Parley analambula msewu wodutsa m'chigwa chimene lero chimatchedwa Parleys Canyon, momwe mukudutsa msewu waukulu wa Interstate 80, ndipo m'chisanu cha 1849 anatsogolera gulu lokayendera kummwera kwa Utah kuti aone malo oyenera midzi yatsopano. Akazi ake ndi amene ankalima, kusoka ndi kuphunzitsa ana kuti pakhomo pasagone njala.

Mu 1851 anapatsidwa udindo woyang'anira ntchito ya mayiko a m'mbali mwa Pacific. Anakwera chombo ku San Francisco pamodzi ndi mkazi wake Phoebe Soper, amene anali woyembekezera, ndi mnzake Rufus Allen, ndipo anafika ku Valparaíso ku Chile mu Novembala. Zonse zinawakanika. Chisipanishi ankachiphunzira m'buku ndipo sakanatha kulalikira nacho. Dziko linali pa nkhondo yapachiweniweni, malamulo ankangolola mpingo wa Katolika kupembedza poyera, ndipo ndalama zinali kutha. Kumapeto kwa mwezi womwewo Phoebe anabereka mwana wamwamuna, Omner, popanda mayi wina womuthandiza amene akanamvana naye chilankhulo. Mwanayo anakhala milungu isanu yokha. Anamuika m'manda a anthu osakhala Akatolika paphiri loyang'ana doko. Mu Malichi 1852 anabwerera osabatiza munthu ndi mmodzi yemwe. Parley anauza Brigham Young kuti ntchitoyo idzatheka pokhapokha Buku la Mormon litamasuliridwa m'Chisipanishi.

Imfa ku Arkansas

Mkazi womaliza wa Parley anali Eleanor McComb. Anabatizidwa ku San Francisco ali pabanja ndi Hector McLean, amene Eleanor ankati ankaledzera ndi kumumenya. McLean anatumiza ana awo atatu kwa makolo a mkaziyo ku New Orleans iye osadziwa. Eleanor anamusiya, ndipo mu 1855 anakwatiwa ndi Parley ku Utah, ukwati woyamba usanathe kukhoti. Atapita kukatenga ana ake, McLean anayamba kusakasaka Parley chigawo ndi chigawo. Anamumangitsa, koma woweruza wa ku Van Buren ku Arkansas sanapeze mlandu ndipo anamumasula m'mamawa mwakachetechete. McLean ndi anzake awiri anamulondola pa akavalo, ndipo pa 13 Meyi 1857 anamubaya ndi mpeni n'kumuwombera pafupi ndi pamene lero pali tauni ya Alma. Parley anali ndi zaka 50. McLean sanalangidwe.

Amormon anamulira ngati wofera chikhulupiriro, pamene manyuzipepala ambiri a ku America anaikira kumbuyo wakuphayo. Patapita miyezi inayi, pa 11 Seputembala, asilikali a Chimormon a kummwera kwa Utah anapha anthu pafupifupi 120 apaulendo ochokera ku Arkansas pa malo otchedwa Mountain Meadows. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa kukula kwa mbali imene mkwiyo wa imfa ya Parley unatengapo, koma ophedwawo analibe mlandu uliwonse pa imfayo. Mu 2007 mpingo unanena poyera kuti ukumva chisoni chachikulu ndi zimene anthu ake anachita.

Ana ndi adzukulu

Ntchito imene inamukanika ku Chile anaipitiriza ndi ana a m'nyumba mwake. Helaman Pratt, mwana wake mwa Mary Wood, anali m'gulu loyamba la alaliki amene analowa ku Mexico mu 1876, atanyamula zigawo za Buku la Mormon zomasuliridwa m'Chisipanishi. Pambuyo pake anatsogolera ntchito ya ku Mexico ndipo anakhazikika ku Colonia Dublán m'chigawo cha Chihuahua, kumene mabanja amitala ankathawira malamulo a America. Mpingo unalengeza kusiya mitala mu 1890, pa utsogoleri wa Wilford Woodruff.

Mwana wa Helaman, Rey L. Pratt, anakulira ku Mexico ndipo Chisipanishi chinali ngati chobadwa nacho. Anatsogolera ntchito ya kumeneko kuyambira 1907 mpaka imfa yake mu 1931, kudutsa m'zaka zonse za nkhondo ya kusintha boma, ndipo anamasulira nyimbo ndi mabuku ambiri. Pa Khirisimasi ya 1925 anali ku Buenos Aires pamodzi ndi Melvin J. Ballard ndi Rulon S. Wells pamene ankapempherera South America kuti ntchito iyambe. Alaliki anabwerera ku Chile mu 1956, ndipo mu 1983 ku Santiago kunatsegulidwa kachisi. Lero Mexico ndi Brazil ndi mayiko amene ali ndi Amormon ambiri kunja kwa United States.

Mlongo wake wa Rey, Anna Amelia Pratt, anakwatiwa ndi Gaskell Romney. Mwana wawo George anabadwira ku Colonia Dublán mu 1907, anathawa nkhondo ndi makolo ake mu 1912, ndipo anadzakhala mkulu wa kampani ya galimoto ya American Motors komanso bwanamkubwa wa Michigan. Mwana wa George, Mitt Romney, anakhala bwanamkubwa wa Massachusetts ndipo mu 2012 anapikisana ndi Barack Obama pa mpando wa pulezidenti. Onse awiri, bambo ndi mwana, anayamba atumikira ngati alaliki ali anyamata, George ku Britain, Mitt ku France.

Mpingo unaphunzirapo kanthu pa mavuto a mabanja ngati limeneli. M'kupita kwa nthawi unasiya kutuma amuna apabanja kuti asiye akazi ndi ana kwa zaka, ndipo lero otumidwa ambiri ndi achinyamata osakwatira, anyamata kwa zaka ziwiri, atsikana kwa chaka ndi theka. Komabe malipiro kulibe, ndipo kawirikawiri ndi makolo ndi achibale amene amasonkha ndalama za ulendowo. Dzina la Parley lili pa mabuku, pa nyimbo ndi pa chigwa cha ku Utah, ndipo m'pake, chifukwa anagwira ntchito yaikulu ndi mtima wonse ngakhale analakwitsa zinthu zazikulu. Koma mbiri ya mpingowu ikamalembedwa, mayina a Thankful Halsey, Mary Ann Frost, Phoebe Soper, Mary Wood ndi Eleanor McComb ayenera kulembedwa pamodzi ndi lake, chifukwa popanda zimene iwo anasenza, maulendo akewo sakanatheka.